Momwe mungayendere wapansi mu Blantyre ndi kuwerenga mbiri ya mzindawu pa nyumba zake zakale

Anthu ambiri amene akhala mu Blantyre kwa zaka zochuluka amadutsa mu Victoria Avenue tsiku lililonse, koma mlendo akawapempha kuti amuonetse nyumba zakale za mumzindawu, amangomufikitsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, kumujambula chithunzi ataima pakhomo, kenako n'kusowa kopita. Aphunzitsi amene amatenga ana a sukulu pa ulendo wotere amakumananso ndi vuto lomweli: amafika dzuwa litakwera, amapeza zitseko zotseka kapena ukwati uli mkati, ndipo ana amabwerera ali otopa, osadziwa chimene chimasiyanitsa khoma la 1891 ndi khoma lomangidwa chaka chatha. Malangizo awa akuonetsa momwe mungayendere kuchokera pa Wenela, kudzera ku mishoni ndi pakati pa tauni, mpaka kukafika ku Mandala. Mtundawu supitirira makilomita 5, koma ukutengerani maola anayi ngati mukuima ndi kuyang'anitsitsa monga mmene ziyenera kukhalira.

## Zoyenera kutenga

- Nsapato zotseka zimene mwaziyendera kale, chifukwa m'mbali mwa misewu muli ngalande zina zosavundikira ndiponso malo okumbika.
- Kope laling'ono ndi pensulo. Pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni chifukwa mudzafunika kujambula kamangidwe ka njerwa ndi mazenera.
- Foni yodzadza moto, yoti muzijambulira zithunzi.
- Madzi akumwa, chipewa, ndiponso ambulera ngati ndi nyengo ya dzinja.
- Chitenje kwa amayi, ndi zovala zaulemu kwa aliyense, popeza mulowa m'malo opembedzera.
- Ndalama zing'onozing'ono za minibasi, zolowera ku nyumba yosungirako zinthu zakale, ndi kangachepe kosiya m'mbale ya tchalitchi.
- Chiphaso chanu, ndipo ngati mukutsogolera gulu la ana a sukulu, kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu.

## 1. Sankhani tsiku ndi nthawi

Tsiku labwino ndi la pakati pa sabata, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi, ndipo muyenera kukhala mutafika poyambira pofika 8 koloko m'mawa. Lamulungu ku mishoni kumakhala mapemphero otsatizana, moti simungaime pakati pa tchalitchi n'kumayang'ana kudenga anthu akupembedza, pamene Loweruka nthawi zambiri kumakhala maukwati. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yoyendera bwino chifukwa kumazizira, ngakhale kuti mu Juni ndi Julayi chiperoni chikhoza kuphimba mzinda tsiku lonse, ndipo njerwa zikanyowa zimada n'kubisa kusiyana kwa maonekedwe ake.

Chenjezo: mu Okutobala ndi Novembala musayambe ulendowu dzuwa litafika pamutu. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo chitunda chomaliza, chochokera ku mtsinje wa Mudi kukwera ku Mandala, mudzachipeza mutatopa kale.

## 2. Ikani njira yonse m'mutu musananyamuke

Lembani pa tsamba loyamba la kope lanu malo asanu awa motsatana: Wenela, mishoni, Clock Tower, Victoria Avenue, Mandala. Pambali pake lembani zaka izi: 1876, 1882, 1891, 1903, 1908. Ntchito yanu pa ulendo wonse ndi kulumikiza chaka chilichonse ndi nyumba kapena malo amene mwaona ndi maso anu.

Dziwaninso kuti Blantyre sanakhalepo likulu la dziko. Boma la atsamunda linali ku Zomba, ndipo likulu linakhalabe kumeneko mpaka linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Choncho musayembekezere nyumba zikuluzikulu za boma. Mzinda uwu unakula pakati pa mitu iwiri, mishoni ya Church of Scotland mbali ina ndi kampani ya malonda ku Mandala mbali inayo, ndipo tauni imene tikuidziwa lero inadzaza mpata wa pakati. Ulendo wanu ukuyambira pa mutu umodzi n'kukathera pa unzake.

## 3. Yambirani pa Wenela, ndipo musathamangire kuchokapo

Ambiri amaona Wenela ngati malo okwerera mabasi basi. Imani pambali, kutali ndi oitanira, ndipo mulembe dzinalo m'kope. Likuchokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba amuna ntchito yokakumba m'migodi ya ku South Africa, ulendo umene makolo athu ankautcha kupita ku Joni. Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu kumeneku mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Chapafupi pomwepo pali siteshoni ya sitima ya pamtunda. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika mu Blantyre mu 1908, ndipo chaka chimenechi chikuthandizani poyerekeza zaka za nyumba. Njanji isanafike, katundu wambiri wolemera wochokera kunja ankakwera kuchokera kwa Katunga, ku mtsinje wa Shire kufupi ndi Chikwawa, ali pamitu ya amtengatenga. N'chifukwa chake nyumba zakale kwambiri zinadalira dothi, njerwa ndi mitengo ya pompano.

Chenjezo: pa Wenela pamakhala piringupiringu. Foni ikhale m'thumba la kutsogolo, ndipo musajambule ogulitsa malonda kapena makondakitala musanawapemphe.

## 4. Pemphani chilolezo pofika ku mishoni

Kuchokera pa Wenela tsatirani msewu wa ku Chileka kwa mphindi zochepa mpaka mutafika pa mishoni ya Blantyre Synod ya mpingo wa CCAP, malo amene ambiri amangowatcha HHI potengera sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa mu 1909. Mukalowa pa chipata, perekani moni kwa alonda ndipo munene chimene mwabwerera momveka bwino: "Mwadzuka bwanji bambo? Tabwera kudzaona tchalitchi chakale, kodi tingaonane ndi ndani kuti atilole?" Akakulozerani ku ofesi ya mpingo, pitani kumeneko, ngakhale mutaona kuti chitseko cha tchalitchi n'chotsegula. Tchalitchichi ndi chipilala cha dziko chotetezedwa ndi lamulo, komanso ndi nyumba imene anthu akupembedzeramo mpaka lero, ndipo eni ake amasangalala ndi mlendo amene wayamba waodira.

Apa ndi pamene chaka cha 1876 chikugwera. M'chaka chimenecho Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito amene ankamumasulira, anasankha malowa m'dera la mfumu Kapeni, ndipo mishoniyo inatchedwa Blantyre potengera kamudzi ka ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira. Musanayandikire tchalitchi, tembenukani ndi kuona phiri la Ndirande, la Soche ndi la Michiru, kuti mumvetse mmene malowa akhalira pakati pa mapiri.

## 5. Zungulirani tchalitchi kunja kawiri musanalowe

Ili ndilo gawo limene ambiri amalephera, chifukwa amaima kutsogolo, kujambula, n'kulowa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 ndipo chinapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Amene anatsogolera ntchitoyi, mbusa David Clement Scott, sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo amuna a kuno amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yotere. M'malo mojambula pulani yatsatanetsatane, ankayamba asanja njerwa popanda matope kuti aone ngati khomo kapena nsanamira ikhala bwino, ndipo zikatheka ankaphwasula n'kumanga zenizeni. Njerwa zinaumbidwa ndi dothi la pompano, m'zikombole zamatabwa, n'kuwotchedwa pamalo pomwepo, ndipo akatswiri amene anaziwerenga amati zilipo za mitundu pafupifupi 81.

Pozungulira koyamba, imani patali mamita makumi awiri kapena atatu, ndipo muone nyumba yonse. Yerekezani nsanja ziwiri za kutsogolo: sizofanana, ndipo muyenera kulemba m'kope zinthu zitatu zimene zikuzisiyanitsa. Kenako pezani denga lozungulira looneka ngati mphika wovundikira, makomo ndi mazenera opindika pamwamba ngati uta, ndiponso zipilala zochirikiza khoma kunja. Dzifunseni kuti kulemera kwa denga kukutsikira pati, popeza yankho la funso limeneli ndilo limafotokoza chifukwa chake khoma lili lochindikala pena n'kupyapyala pena.

Pozungulira kachiwiri, yandikirani mpaka mutatha kuona mizere ya njerwa. Mudzaona kuti mzere wina njerwa zagona m'litali, mzere wotsatira zaonetsa mitu, ndipo zikusinthana choncho mpaka pamwamba. Kamangidwe kameneka kamamanga khoma la kunja ndi la mkati kukhala chinthu chimodzi. Jambulani mizere isanu ndi umodzi m'kope lanu, chifukwa mudzayerekeza ndi makoma ena m'tauni. Mukatero yambani kusaka njerwa zachilendo m'mphepete mwa mazenera, pamitu ya nsanamira ndi pansi pa denga: zina n'zozungulira, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluwa. Njerwa iliyonse yotere inafuna chikombole chakechake, chosemedwa ndi manja. Mukapeza mitundu khumi mwachita bwino, ndipo ana a sukulu mukawapatsa mpikisano umenewu amaiwala kutopa.

Kwa ine, apa ndi pamene munthu ayenera kukhalitsa kuposa pena paliponse pa ulendowu. Dzina la Scott limatchulidwa m'mabuku onse, ndipo n'loyeneradi kutchulidwa, koma oponda dothi, oumba, otema nkhuni za uvuni ndi omanga anali anthu a m'midzi yozungulira, ndipo umboni wa luso lawo ndi njerwa zimene mukuziyang'anazo. Onani mmene mizere yawongokera pa nyumba yotalika mamita oposa 30, ndipo mukumbukire kuti yaima zaka zoposa 130.

Chenjezo: musakande njerwa ndi kiyi kapena chikhadabo pofuna kuona kulimba kwake, musatsamire zokongoletsa, ndipo musalembe dzina lanu pakhoma. Njerwa yakale ikasupuka khungu lake lakunja imayamba kumwa madzi n'kumafumbutuka.

## 6. Lowani mkati mwakachetechete

Vulani chipewa ngati ndinu bambo, tsitsani mawu, ndipo mukhale kaye pa benchi kwa mphindi zisanu kuti maso azolowere mdima. Yang'anani mmene kuwala kukulowera, mmene nsanamira zagawira nyumbayi, ndi mmene matabwa a kudenga alumikizirana. Werengani zikwangwani zachikumbutso zimene zili m'makoma, ndipo mulembe mayina ndi zaka. Funsani amene akukuperekezani ngati n'kololedwa kujambula, ndipo musakwere pa guwa kapena pa gome la mlaliki.

Ngati pali mkulu wa mpingo amene ali ndi nthawi, mufunseni za Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, komanso za dikishonale ya Chimang'anja imene Scott yemweyo anasindikiza mu 1892. Potuluka, yendani pang'ono m'bwalo la mishoni ndi kuona nyumba zina zakale za njerwa zofiira ndi makonde ake, koma musalowe m'makalasi kapena m'nyumba zokhala anthu.

## 7. Tsikirani m'tauni mukuwerenga mayina a misewu

Bwererani pa msewu wa ku Chileka ndi kutsetsereka mpaka pa raundabauti ya Clock Tower. Pamenepa magalimoto amachokera mbali zingapo, choncho wolokani pamalo amodzi monga gulu, ndipo muchenjere ndi njinga zamoto za kabaza zimene zimadutsa m'mbali. Kuchokera apa, lembani dzina la msewu uliwonse umene mukuponda, chifukwa pamene nyumba yakale inagwetsedwa, dzina la msewu limakhala litasunga nthawi yake.

Victoria Avenue ndi ya nthawi ya Mfumukazi Victoria, pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Henderson Street ikukumbutsa munthu uja anasankha malo a mishoni. Glyn Jones Road ili ndi dzina la bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Haile Selassie Road ikukumbutsa mfumu ya ku Ethiopia imene inacheza m'dziko muno mu 1965. Hannover Avenue ndi Kaohsiung Road zikuchokera ku ubale wa Blantyre ndi mizinda ya ku Germany ndi ku Taiwan. Msewu waukulu wopita ku Limbe, umene kale unkatchedwa Kamuzu Highway, lero ndi Masauko Chipembere Highway. Mukaika mayinawa m'magulu, mudzaona nthawi zinayi zitagona pamodzi pa mapu amodzi: ya amishoni, ya atsamunda, ya chipani chimodzi, ndi ya zipani zambiri.

## 8. Yang'anani pamwamba pa masitolo

Mukuyenda mu Haile Selassie Road ndi timisewu tolumikizana nayo, maso anu adzakopeka ndi zikwangwani za malonda ndi katundu wa m'mawindo. Wolokerani tsidya lina la msewu ndipo muyang'ane kuchokera pamwamba pa chikwangwani kupita kudenga. Gawo la pansi la sitolo limasinthidwa nthawi iliyonse pakabwera wochita lendi watsopano, koma pamwamba kawirikawiri pamakhala momwe panalili. Pamenepo mungapeze chaka cholembedwa ndi simenti, dzina la banja limene linamanga, mazenera amatabwa, kapena tiziboo tolowetsa mphepo. Masitolo ambiri akale a m'dera lino anamangidwa ndi amalonda ochokera ku India, ndipo ena anamangidwa moti sitolo ili pansi kapena kutsogolo, banja n'kumakhala pamwamba kapena kumbuyo.

Pa nyumba iliyonse imene yakukopani, yankhani mafunso anayi motsatana, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Kodi maziko akwezedwa motani kuchoka pa msewu? Kodi khoma ndi la njerwa zoonekera, lopaka pulasitala, kapena la konkire ndi magalasi? Kodi pali khonde lotchinga oyenda pansi ku dzuwa ndi mvula, ndipo nsanamira zake n'zamtengo, zachitsulo kapena zanjerwa? Kodi denga ndi la malata lotsetsereka, kapena labisika kuseri kwa kakhoma? Nyumba ya khonde lalikulu, denga lalitali la malata ndi mazenera amatabwa kawirikawiri imakhala yakale kuposa ya denga lafulati ndi mazenera achitsulo, koma chimenechi chikhale chongokutsogolerani, ndipo chaka muchilembe pokhapokha mwachiona cholembedwa kapena mwachipeza m'mabuku.

Mukaona nyenyezi yofiira yopakidwa pakhoma, dziwani kuti ndi chizindikiro chimene khonsolo ya mzinda yakhala ikuika pa nyumba zimene yaziona kuti zatha ndipo ziyenera kukonzedwa kapena kugwetsedwa. Nyumba yotere ijambuleni mbali zonse zimene mungathe, ndipo mulembe tsiku ndi msewu, popeza mwina ulendo wina mudzapeza pali mpanda wa malata.

## 9. Tsikani ndi Victoria Avenue

Yambirani kumtunda, pafupi ndi hotela ya Mount Soche, imene ndi chitsanzo cha kamangidwe ka konkire ka zaka zoyambirira za ufulu. Patukirani pang'ono mu Hannover Avenue kuti muone hotela ya Ryalls, imene inayamba mu 1921, ndipo muyese kusiyanitsa gawo lakale ndi zimene zinawonjezeredwa pambuyo pake. Mukabwerera mu Victoria Avenue, tsikani mpaka kumunsi komwe kuli holo yakale ya tauni, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901. Yerekezani kukula kwake ndi nyumba zosanja zimene mwadutsa kumtunda, ndipo mudzaona kuchepa kwa tauni imene holoyo inkatumikira, ngakhale kuti Blantyre anali ndi khonsolo yake kuyambira 1895.

Chenjezo: msewu uwu uli ndi mabanki ndi maofesi a boma. Musaloze kamera pa khomo la banki, pa galimoto yonyamula ndalama, pa apolisi kapena pa ofesi ya boma popanda chilolezo. Mlonda akakuletsani, pepesani, bwezani foni m'thumba, ndipo mujambule nyumbayo ndi pensulo muli tsidya lina.

## 10. Wolokani Mudi ndi kukwera ku Mandala

Kuchokera kumunsi kwa tauni, tsatirani Kaohsiung Road kudutsa pafupi ndi msika waukulu, kuwoloka mtsinje wa Mudi, ndi kukwera chitunda cha ku Mandala. Funsani njira ya ku Mandala House, ndipo mutchule kuti mukufuna nyumba yakale ija yosanja, chifukwa dzina la Mandala lero ndi la dera lonse.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882, zaka 9 tchalitchi cha ku mishoni chisanapatulidwe, ndipo imadziwika kuti ndiyo nyumba yakale kwambiri ya kamangidwe kachizungu imene idakaimabe m'Malawi. Munkakhala oyang'anira kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno inkatsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John Moir ankavala, ndipo linafalikira kuchoka pa munthu kupita pa nyumba, pa kampani, mpaka pa masitolo ake m'maboma ambiri.

Chitani monga munachitira ku tchalitchi: zungulirani kunja musanalowe. Chinthu choyamba kuona ndi khonde. Limateteza makoma ku mvula, limaletsa dzuwa kugunda zipinda mwachindunji, komanso linali malo ochezera ndi olandirira alendo. Onani mmene denga latulukira kupitirira khoma, kuchindikala kwa khoma pa zenera, kutalika kwa zipinda, ndi masitepe okwerera pamwamba. Tsegulani tsamba lija munajambulapo njerwa za ku mishoni, ndipo mulembe kusiyana kumene mukuona. Tchalitchi chinamangidwa kuti munthu achite nacho chidwi ali patali, pamene nyumba ya Mandala inamangidwa kuti mukhale mozizira ndiponso kuti woyang'anira aziona bwalo la katundu ali pakhonde.

Pabwalo limeneli ndi pamene mizere ya amtengatenga inkatula ndi kusenza mitolo. Ndi kunonso kumene, mu Januwale 1915, gulu la otsatira mbusa John Chilembwe linabwera usiku kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampaniyi, ngakhale kuti linangopeza mfuti zochepa. Wotsogolera gulu afotokoze nkhani ziwirizi anthu ataima panja pomwepo.

M'chipinda cha pamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society, ndipo limasunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Funsiranitu masiku ndi maola amene amatsegula. Mukaloledwa kulowa, pemphani zithunzi zakale za Victoria Avenue ndi za mishoni, ndipo muziyerekeze ndi zimene mwajambula m'mawa uno. Sambani m'manja musanagwire mabuku akale, gwiritsani ntchito pensulo yokha, ndipo musajambule tsamba lililonse musanafunse.

## 11. Funsani achikulire, koma mufunse bwino

Alonda okhalitsa, atelala a m'makonde, osoka nsapato ndi akuluakulu a mpingo amadziwa zimene sizinalembedwe: sitolo imene inali pamalo pena, kumene kunali kanema, kumene mabasi ankaimira. Yambani ndi moni, dzitchuleni, ndipo mupemphe nthawi yawo: "Pepani agogo, ngati muli ndi kanthawi, ndimafuna mundiuzeko za nyumba iyi mmene munkaionera kale." Musafunse kuti inamangidwa chaka chanji, chifukwa funso lotere limakakamiza munthu kungotchula chaka kuti asakukhumudwitseni. Funsani kuti pamene iwo ankafika mu Kabula nyumbayo inalipo kale kapena ayi, munkagulitsidwa chiyani, ndipo ndani ankaloledwa kulowa pakhomo la kutsogolo. Zimene mwamva zilembeni pa tsamba losiyana ndi la zimene mwaona, ndipo dzina la munthu musalilembe kapena kulifalitsa ngati sanavomere.

## 12. Ngati mphamvu zatsala, kwerani minibasi ya ku Limbe

Gawo ili si lofunika kuyenda wapansi. Mudzadutsa pa Ginnery Corner, pamene dzina likukumbutsa fakitale yochotsa njere za thonje, ndi pa chipatala cha Queen Elizabeth chimene chinatsegulidwa mu 1958. Tsikani pa Chichiri kuti muone chipilala cha ufulu, bwalo la masewero la Kamuzu pamene mbendera ya Malawi inakwezedwa pa 6 Julayi 1964, ndi nyumba yosungirako zinthu zakale imene panja pake pali mitu ya sitima yoyendera nthunzi. Limbe, amene anakula chifukwa cha njanji ndi fodya ndipo anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956, musungireni tsiku lakelake.

## 13. Konzani zolemba zanu madzulo omwewo

Musanagone, patsani chithunzi chilichonse dzina la nyumba, msewu ndi tsiku. Bwererani ku zaka zisanu zija ndi kuona ngati chilichonse chapeza malo ake. Pa mfundo iliyonse ikani chizindikiro chosonyeza ngati munaiona, munaiwerenga kapena munaimva.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusokoneza chaka chimene mishoni inayamba ndi chaka chimene tchalitchi chinamangidwa. Anthu ambiri amalemba kuti St Michael ndi ya 1876, chonsecho m'chaka chimenecho panali posankha malo ndi kuyambitsa mishoni chabe, ndipo tchalitchi cha njerwa chinadzatha patapita zaka 15. Ena amanena kuti tchalitchichi ndicho nyumba yakale kwambiri mumzindawu, kuiwala Mandala House ya 1882, ndipo enanso amauza alendo kuti anachimanga ndi Livingstone, amene anamwalira mu 1873, mishoni isanayambe n'komwe.

Chachiwiri ndi kuyesa zaka za nyumba potengera kutha kwake. Nyumba ya zaka 40 imene denga lake likudontha ndipo khoma lamera ndere imaoneka yakale kuposa ya zaka 100 imene imapakidwa penti chaka ndi chaka. Zoyenera kuyang'ana ndi kukula kwa njerwa, kasanjidwe kake, mtundu wa mazenera ndi maonekedwe a denga. Muchenjerenso ndi chaka cholembedwa pakhoma, popeza nthawi zina chimakhala cha pamene kampani inayamba kapena pamene nyumbayo inakonzedwanso.

Chachitatu ndi kulowa popanda kuodira. Nyumba zakale zambiri mu Blantyre zili ndi eni ake ndipo zikugwira ntchito, ndipo gulu limodzi likalowa mwachipongwe, obwera pambuyo pake amapeza chipata chotseka.

Chinanso ndi kutenga gulu lalikulu popanda wothandiza. Anthu akapitirira khumi ndi asanu, akumbuyo samva chilichonse chifukwa cha phokoso la magalimoto, ndipo powoloka pa Clock Tower kapena pafupi ndi msika gulu limaduka pawiri. Gawani anthu m'magulu ang'onoang'ono, lililonse likhale ndi wamkulu wake, ndipo mugwirizane kuti wosochera akadikire pa chipata cha mishoni kapena pa khonde la Mandala House, malinga ndi pamene mwafika.

Pomaliza pali kukwera galimoto kapena kabaza pakati pa mishoni ndi Mandala pofuna kusunga nthawi. Wochita zimenezi amaona nyumba ziwiri zotchuka, koma amaphonya masitolo a mu Haile Selassie Road, mayina a misewu, holo ya 1903 ndi chigwa cha Mudi chimene chinalekanitsa amishoni ndi amalonda. Ngati nthawi ndi yochepa, gawani ulendowu pawiri: tsiku loyamba muthere pa Clock Tower, ndipo tsiku lachiwiri muyambire pomwepo mpaka ku Mandala.